Matabwa Aawisi a Mayi Tiyeni

Dzina loti Tiyeni analitengera m'basi. Anagwira ntchito ya ukondakitala kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa duku, ndipo mawu awo anali amodzi omwewo. Munthu asanakweze n'komwe mwendo wachiwiri, iwo amenya kale chitsulo cha pakhomo ndi chikhatho: "Tiyeni!" Madalaivala ankawakonda chifukwa basi yawo sinkagona pasiteji. Okwera ankawaopa. Kampani itatha, mabasi n'kugulitsidwa, dzinalo linawatsatira kunyumba, moti mumsewu wathu ngakhale mwana wongophunzira kuyankhula amadziwa kuti geti lobiriwira lija ndi la Mayi Tiyeni.

Kukhala pansi sankakudziwa. Tiyi ankamwa chiimire, kapu dzanja ili, tsache dzanja linalo. Akapita kukazonda wodwala, ankafunsa kuti mwadzuka bwanji ali kale pakhomo potulukira. Ndiye anthu ankati Mulungu ndi wanthabwala, chifukwa mayi wotereyu anakwatiwa ndi kalipentala wosathamanga ngakhale mvula itamupeza panjira. Bambowo ankatha kuyang'ana thabwa limodzi m'mawa wonse, kulitembenuza, kuligogoda, kulinunkhiza, kenako n'kulibwezera pamene analitenga.

"Abambo, chitseko cha kubafa chikukhula pansi."

"Tiona."

"Nyumba ya kalipentala, mpando wa miyendo itatu. Manyazi mulibe?"

"Tiona, mayi."

Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo waukulu wa mango umene anaupeza pamalopo pomwe ankalowa m'nyumbayo. Mizu yake inali itatukula simenti ya kanjira kopita kubafa n'kung'amba ngodya ya khonde. Mayi Tiyeni anatha zaka akunena kuti mtengowo udulidwe, bambo akungoona.

Tsiku lina masana anawapeza amuna awo atagwa pakati pa utuchi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, puleni yosalazira matabwa ili chikhalire pathabwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka ndi moyo, koma dzanja ndi mwendo wa kumanja zinali ngati za munthu wina, ndipo lilime linalemera moti mawu ankatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi mkamwa.

Pachipatalapo panali mayi wina wamfupi, wolimbitsa ziwalo za odwala. M'chipinda mwake munali zitsulo ziwiri zazitali zoyandikana, ndipo wodwala ankayenda pakati pake atagwira uku ndi uku. Mayiyo anawakokera pambali Mayi Tiyeni.

"Mwendo uwu sunafe, wangogona. Koma mukaulekerera miyezi yoyambirira ino, sudzadzukanso. Aziyenda tsiku lililonse."

"Tsiku lililonse? Kuno?"

"Kulikonse kumene angapeze pogwira mbali zonse ziwiri."

Kuchipatalako kunali kokwera maminibasi awiri. Ulendo wobwerera tsiku limenelo, akulimbana ndi kukweza mwendo wa amuna awo pachitsulo chokwerera, kondakitala wachinyamata anamenya denga la minibasi n'kukuwa kuti amayi fulumirani, tikuchedwa. Mayi Tiyeni anamutukwana mpaka okwera onse kutembenuka. Koma atakhala pansi anangogwira bondo la amuna awo njira yonse, phazi la mayiwo likugunda pansi.

Atafika kunyumba anazungulira kuseri. Anayang'ana kanjira kokumbika ndi mizu kaja, pamene munthu wa miyendo iwiri yabwino ankapunthwa. Anayang'ana thunthu la mango, lalikulu loti anthu awiri sangalikumbatire. Sanafunse munthu. M'mawa mwake anyamata a makina odulira mitengo anali atafika ndi zingwe zawo.

Mtengowo anaugwetsa nthambi ndi nthambi kuti usaphwanye denga. Nyumba yonse inkanjenjemera. Bambo anali pabedi, ndipo pawindo la kuchipinda ankaona kumwamba kukukulirakulira pamene panali masamba. Thunthu litagwa kuti khuu, anatembenukira kukhoma. Tiyi wa masana anamukankha ndi dzanja labwino lija mpaka kutayikira pabulangeti.

Mayi Tiyeni anaima pakhomo la chipinda, utuchi uli mbuu kumutu.

"Mtengo umamera wina, abambo. Mwendo sumera."



Wocheka matabwa anabwera mawa lake, mkulu wina wopanda chala chimodzi. Asanafike patali, makina ake analira moipa, moto n'kuthetheka, mano a tcheni n'kuthothoka. Atasema ndi nkhwangwa anapeza msomali wautali wadzimbiri mkatikati mwa thunthu. Unali msomali umene bambo ankakolekapo wailesi kalekale, ana asanakule, ndipo mtengo unaumeza pang'onopang'ono.

"Ndiye chifukwa chake mitengo ya pakhomo ndimaikana ine," anadandaula wochekayo. "Mumaikhomera misomali, mawaya, zingwe zoyanikira zovala. Mtengo umeza zonsezo, wolira ndine."

"Lirani mukucheka," anatero Mayi Tiyeni.

Matabwa anatuluka otuwirako, okhala ndi mizere yakuda ngati utsi, olemera ngati mtembo wa ng'ombe, fungo lake lowawasa. Ukagwira, dzanja linkanyowa. Pomanga katundu wake, wochekayo analangiza.

"Muwasanje pamthunzi, osagunda pansi. Pakati pa thabwa ndi thabwa muike timitengo kuti mphepo izidutsa. Kumapeto kwake mupake penti asang'ambike. Ndiye musawakhudze mpaka mvula ibwere, ipite."

"Mpaka liti?"

"Mvula ibwere, ipite. Uwu ndi mtengo wauwisi, mayi, uli ndi madzi ngati nzimbe."

"Mwendo wa amuna anga ukudikira mvula?"

Wochekayo anangokweza mapewa n'kumapita.

Kiyi wa bokosi la zida anamupeza m'thumba la buluku limene bambo anavala tsiku lomwe anagwa. Phokoso la loko litamveka, kuchipinda kunatuluka mawu oyamba omveka bwino chigwereni.

"Ayi!"

Mayi Tiyeni analowa, n'kuwakhazika pampando, n'kuukoka mpandowo chambuyo kudutsa pabalaza, kukhitchini, mpaka pakhonde la kuseri.

"Ngati mukuopa kuti ndikuwonongerani zida, khalani apa muziona. Koma zitsulo za kuchipatala zija ndimanga pano, za matabwa."

Ntchitoyo sankaidziwa. Sowo ankaikankha ngati akukangana nayo, ndipo inkapindika n'kukanirira m'thabwa lonyowalo. Utomoni wa mango unawatulutsa zidzolo kuyambira m'zala mpaka m'zigongono, moti ankacheka akukanda. Puleni inkangotsamwa, n'kumazula zibenthu m'malo mosalaza. Bambo anapirira tsiku loyamba atatseka maso. Lachiwiri analephera. Anatola supuni n'kuyamba kumenya mkono wa mpando.

"Chiyani?"

"Tem... tembenu..."

"Nditembenuke?"

Anapukusa mutu, n'kuloza thabwa, chala chikuzungulira. Mayi anatembenuza thabwalo, kumutu kukhala kumiyendo. Atakankhanso puleni, inadutsa ngati pa sopo, n'kutulutsa kachinthu kopyapyala kopiringizika kamene kanagwera paphazi pawo. Anakatola n'kukayang'ana, koma osati kwa nthawi yaitali.

Anakumba maenje, n'kuimika nsanamira mizere iwiri kuchoka pakhonde kulowera kushedi. Pamwamba pa nsanamirazo anagoneka matabwa aatali ogwirira, n'kuwakhoma ndi misomali ikuluikulu. Pamene ankakhoma, supuni inalira kwambiri.

"Au... auma," anatero bambo. "Auma."

"Kukhosi kwauma? Dikirani."

Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi kapu ya madzi. Bambo anaiyang'ana kapuyo, anayang'ana misomali, n'kuusa moyo. Anamwa.

Tsiku loyamba kuyenda, thukuta linawatuluka asanasunthe n'komwe. Dzanja lakufa lija mayi analigoneka pathabwa la kumanja, lamoyo linagwira kumanzere mpaka mitsempha kutuluka. Mwendo unkakhwekhwereza pansi ngati thumba. Mayi Tiyeni anaima kumapeto kwa kanjirako, anadikira, anadikira, kenako chikhatho chinachita chokha zimene chinazolowera. Chinamenya thabwa kuti phaa.

"Tiyeni!"

Bambo anaseka ndi theka la pakamwa, ndipo kusekako kunatsala pang'ono kuwagwetsa. Ife oyandikana nawo tinkasuzumira pampanda. M'masabata otsatira tinawaona akufika pakati, kenako kumapeto, kenako kupita ndi kubwerera. Phazi linayamba kunyamuka pang'ono m'malo mokwekwa.

Koma kuseriko kunalibenso mthunzi. Dzuwa linkawomba pamatabwa aja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masana ukakhala chete unkamva akulira okha kuti thee, thee. Ming'alu inayamba kumapeto n'kumalowa mkati. Thabwa la kumanzere linapotoka ngati chikopa choyanikidwa, ndipo mitu ya misomali inadzuka. Mayi Tiyeni ankaziona, koma ankangodutsitsapo hamala n'kupitiriza zina.

M'mawa wina bambo anakana kudzuka pampando. Ankaloza thabwalo, akupukusa mutu.

"Mwayamba ulesi eti? Dzulo munayenda bwinobwino."

"Ayi... ayi."

"Palibe ayi. Adokotala anati tsiku lililonse. Dzukani."

Anawadzutsa. Atafika pakati, bambo anatsamira kumanzere monga mwa masiku onse, ndipo thabwalo linazuka pansanamira ndi misomali yake yomwe. Anagwera mbali yabwino ija. Chipumi chinagunda njerwa n'kung'ambika pamwamba pa diso, ndipo mkono umodzi wokha umene unatsala wamoyo unatupa pamfundo.

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wokhala tauni ina, anafika tsiku lotsatira ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, choti alongedzemo zovala za bambo ake. Ataona bandeji kumutu ndi kumkono, sanadikire n'kupatsidwa moni.

"Amayi, mukufuna kutiphera abambo? Munthu si basi, amayi! Mwadula mtengo wawo, mwatenga zida zawo, pano mwawathyola mkono womwe amadyera. Ndikuwatenga."

Mayi Tiyeni anali pasinki, akukwecha poto woyera kale. Aka kanali koyamba kuti ife timve munthu akuwakalipira iwo osabweza. Anangoti, "Kwanu kuja n'kosanja. Masitepe aja akakwera bwanji?" Atatero anapitiriza kukwecha.

Mwanayo anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake.

"Abambo, tipite kwathu mukapume. Mwamva?"

"Ayi."

"Muvulala pano, abambo."

"Ma... matabwa."

Anabwereza mpaka anawamvetsa kuti akufuna kuona matabwa otsala. Anawakokera pampando kuseri kwa shedi, kumene mayi anangowaunjika padothi tsiku lomwe anachekedwa. A pamwamba anali atapindika ngati mabwato. A pansi anali atachita chuku, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kumanga tinjira take. Bambo anatsonya. Anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenako anakweza chibwano kuloza chitseko cha shedi.

Masana onsewo mayi ndi mwana anakhala akunyamula matabwa, bambo akulamula ndi chibwano ndi maso. Njerwa pansi. Thabwa. Timitengo, tolingana, kamodzi pamwamba pa kanzake. Thabwa lina. Likakhala lowonongeka, ankatembenuza nkhope, ndipo linkaponyedwa kunja. Kumapeto anapakako penti yotsala ya geti, pamwamba n'kusanjikapo miyala. Mwanayo anathyoka chikhadabo, siketi yake ya kuntchito n'kuda, koma nthawi ina anaima n'kunong'oneza mayi ake.

"Mwaona nkhope yawo? Akhala ngati ali pantchito."

Anabwerera kwawo ndi chikwama chopanda kanthu chija, atawalumbiritsa amayi ake kuti bambo akati ayi, ikhale ayi.

Zogwirira anazimanganso, ulendo uno motsatira supuni. Misomali bambo anaikana. Anawaonetsa kuti aboole nsanamira iliyonse ndi tchizulo, bowo la makona anayi, thabwa logwirira lilowe m'bowomo, ndipo pambali pake akhomere kamtengo kosongoka ngati dzino. Thabwa likamauma n'kuchepa, umangogogoda kadzinoko, kamalowa mkati, zonse n'kulimbanso. Kuboola bowo limodzi kunkatenga theka la tsiku. Mayi Tiyeni anang'amba nsanamira yoyamba chifukwa chomenya mopupuluma, anaponya hamala mpaka kumpanda, anazungulira nyumba yonse akuyankhula okha, n'kubwera kudzaitola. Pamwamba pa kanjirako anamangapo matumba akale kuti pakhale kamthunzi.

Mkono utapola, ntchito yogogoda mano aja inakhala ya bambo. M'mawa uliwonse asanayende ankadutsa nsanamira ndi nsanamira, hamala ili kumanzere, go, go, akumvetsera. Akakhutira ndiye ankapereka hamala n'kuyamba ulendo wawo.

Chovuta chinali matabwa a m'shedi. Mayi Tiyeni ankalowamo kangapo patsiku, kukweza mwala, kunyamula thabwa kumapeto, kulinunkhiza monga ankaonera amuna awo.

"Auma?"

"Ayi."

Mawa lake: "Nanga lero?"

"Ayi."

Posowa chochita anasuntha mipando ya pabalaza kuiika uku, n'kuibwezeranso. Anachapa makatani amene anali asanade. Kenako analimbana ndi chitsa cha mango. Anachikumba okha ndi khasu ndi nkhwangwa, muzu ndi muzu, akuchiyankhula ngati wokwera wokana kutsika. Chinawatengera nyengo yonse ya dzuwa. Chitazuka, anatsala ndi dzenje ndi manja opanda chogwira.

Tsiku lina anatuluka kuti akagule sopo, miyendo n'kuwapititsa kudepoti. Anandiuza okha pambuyo pake kuti sanadziwe mmene anafikirako. Anangoima pafupi ndi mpanda, kumaonerera mabasi akulowa ndi kutuluka, kumva fungo la dizilo, kumadzudzula mumtima makondakitala a masiku ano amene amadikira munthu amalize kuyankhula pafoni. Atazindikira kuti dzuwa lapendeka, anathamanga.

Pakhonde mpando unali wopanda munthu. Pakati pa zogwirira panalibe munthu. Anakuwa, anayang'ana m'dzenje la chitsa, anayang'ana kubafa. Kenako anamva kachiphokoso kochokera m'shedi, shii, shii, shii.

Bambo anali atakhala pabokosi la zida. Anali atayenda okha mpaka kumapeto kwa zogwirira, n'kupitirira chogwira khoma. Mpeni wa puleni anali atauchotsa, ndipo ankaunola pamwala ndi dzanja lamanzere. Dzanja lakufa lija anali ataligoneka pamwalapo kuti lizitsindira usasunthe.

"Mukadagwa! Mukadagwa muno ndani akanakuonani? Mwana uja akamva andidya wamoyo!"

Bambo sanakweze mutu. Anayesa mpeniwo pachala chachikulu.

"Wa... wabuntha," anatero. "Mwau... pha."

"Ndaupha ine? Chabwino, ndaupha."

Anaima pakhomopo akupumira m'mwamba, sopo ali m'manja. Kenako anafunsa kumene kunkakhala botolo la mafuta onolera, n'kukalitenga.

Mvula inabwera, inapita. Tsiku lina bambo anagogoda thabwa la pamwamba ndi mfundo ya chala, ndipo linayankha momveka ngati ng'oma yowambidwa bwino. Linali lopepuka moti mayi analinyamula ndi dzanja limodzi. Pafupifupi theka la mtengo wonse linali litatayika, lina ndi dzuwa, lina ndi chiswe, lina ndi changu. Pa otsalawo anapanga mpando wa mikono yaitali woti munthu azidzuka yekha, kabenchi ka kubafa, ndi ndodo ya miyendo inayi. Manja anali a mayi, maso a bambo. Mpandowo uli ndi mwendo umodzi waufupi pang'ono, ndipo mpaka lero amakanganirana kuti analakwitsa ndani.

Dzanja lamanja silinabwerere. Mawu anabwerera ena, okwanira kutsutsa. Mwendo umawafikitsa kumsewu waukulu ndi kubwerera, pang'onopang'ono.

Mayi wa kuchipatala uja atamva za zogwirirazo anayamba kutumiza anthu kuti akaone. Ankabwera amayi otopa, ena amuna awo ali chigonere, ena ndi makolo awo. Mayi Tiyeni ankawaonetsa bowo ndi kadzino kake, akuyankhula mothamanga moti alendowo ankangogwedeza mitu. Mapeto ake ankanyamula bokosi la zida n'kupita kukawamangira okha. Matabwa a mango anatha. M'shedi muli mulu wina umene ukuuma, wa mtengo wa munthu wina, ndipo bambo amauyang'anira ngati mlonda.

Vuto tsopano ndi la makutu. Makina odulira mitengo akalira kulikonse m'dera lathu, Mayi Tiyeni amasiya chilichonse chimene agwira. Sabata yatha ndinawapeza mumsewu wa kumtunda, pageti la anthu osawadziwa, pamene anyamata ankagwetsa mtengo wa mapeyala umene unkakhudza mawaya a magetsi. Mwini nyumba ankafuna nkhuni. Mayi Tiyeni anali atagwira malaya a mnyamata wa makina.

"Usadule tizidutswa, iwe! Thunthu lisiye lalitali. Nthambi zokhazo zikwana nkhuni."

"Pepani mayi," anatero mwini nyumbayo, "kodi ndinu ndani?"

"Munakhomapo misomali pamtengowu?"

"Misomali? Kaya. Mwina ana."

"Afunseni anawo. Zina zonse muyankhulane ndi awo akubwera apowo, ndi amene amadziwa ngati mtengo wanuwu uli wa ntchito."

Tonse tinatembenuka. Kumunsi kwenikweni kwa msewu, pakona, bambo anali ataima ndi ndodo yawo ya miyendo inayi, akupuma. Anakweza dzanja lamanzere kutipatsa moni, n'kuyambanso kukwera chitunda. Mwini nyumba anatulutsa mpando n'kuuika pageti kuti adzafikire. Pamene ankafika, akazi awo anali atapita kale kukabwereka wilibala.